Nyumba Yokokedwa pa Nyanja

Mutu 5

1. Uthenga wa a Baxter

Melvina Sturge anali kuyanika zovala kuseri kwa nyumba m'mawa wa Lachinayi, mapegi ali kukamwa, pamene anamva boti likulowa pa doko. Sanacheuke. Chaka chimenecho maboti ankalowa ndi kutuluka tsiku ndi tsiku, kusamutsa mabedi, nkhosa ndi zitofu za anthu.

Posakhalitsa a Baxter Cutler, eni botilo, anatulukira pa kanjira ka miyala ali wefuwefu.

"Anula, chemwali, anula! Ukufuna makabudula a bambo ako akalowe mu Port Amery akupepeluka ngati mbendera ya boma?"

Melvina analavulira mapegi m'dzanja. "Mwayamba kale m'mawa uno, a Baxter? Zovalazi zangotuluka m'madzi kumene."

"Lero sindikuseka. Migolo yapezeka, ili m'boti mwangamo. Amalume Eleazer ayang'ana kumwamba, akuti mphepo itembenuka Loweruka ndipo sidzagonanso mpaka chisanu. Nyumba yanu ilowa m'nyanja mawa, madzi akadzaza."

"Mawa?"

"Mawa lomweli."

Mtsikanayo anangoima, malaya onyowa a bambo ake akudontha m'manja. A Baxter anamuyang'ana, nthabwala zinawathera. Ananyamula dengu lolemera lija, nakamuikira pakhonde, kenaka n'kutsikira kudoko mwakachetechete.

Kwathu ku Gannet Tickle, kachilumba ka kumpoto kwa Newfoundland, mabanja ambiri anali atachoka kale. Sitolo inatsekedwa. Sitima ya makalata inasiya kuima pa doko lathu. Mphunzitsi anapita ku tchuthi osabwereranso. Anthu onse ankalowera ku Port Amery, kutsidya kwa nyanja, kumene kunali fakitale ya nsomba, msewu, magetsi ndi chipatala.

Bambo a Melvina, a Hedley Sturge, anali atalonjezedwa ntchito ku fakitaleko. Malo anali atapatsidwa, ndipo mizati yokhazikapo nyumba anali atazika kale. Chimene analibe ndi matabwa omangira nyumba ina. Choncho anayenera kuchita monga ankachitira ena: kukankhira nyumba yawo ya matabwa m'nyanja, kuimangirira migolo yopanda kanthu, n'kuikoka ndi maboti mpaka kutsidya. Nyumbayo ikanapanda kufika, chisanu chikanawapeza alibe denga.

Anali awiri okha pakhomopo. Mayi a Melvina, a Lavinia, tinawaika m'manda chisanu chapitacho.

2. Mawu a amalume Eleazer

Dzuwa lisanafike pamutu, amuna onse otsala pachilumba anali pakhomo pa a Sturge. Ena ankaphwasula chumuni n'kumatsitsa njerwa. Ena ankalowetsa mitengo ikuluikulu pansi pa nyumba kuti idzatsetserekepo. Amayi ankakulunga mbale m'mabulangete.

Amene ankatsogolera ntchito yonse anali amalume Eleazer Oram. Sanali achibale a Melvina, koma kwathu munthu aliyense wa imvi ndi amalume kapena azakhali. Nyumba zonse zimene zinawoloka nyanja kuchokera kwathu zinawoloka ndi mawu awo. Zala zawo zinali zitapindika ndi nyamakazi, moti ntchito ankaigwira ndi maso ndi pakamwa.

Pa nthawi ya tiyi, a Baxter anayamba kunyoza boma. "Atithamangitsa ngati nkhuku za m'munda. Akuti tikakhale pafupi ndi msewu. Ine msewuwo ndikayendepo ndi boti?"

Anthu anaseka, koma amalume Eleazer anaika kapu pansi.

"Ana inu mumati boma ndi limene latichotsa. Boma langotsegula chitseko. Chimene chatichotsa pano ndi nsomba, monganso nsomba ndi zimene zinatibweretsa. Makolo athu sanamange pa mwala uno chifukwa chokonda mphepo ayi. Anamanga pano chifukwa ankapalasa ndi manja, ndiye munthu ankayenera kugona pafupi ndi nsomba. Ankathira mchere, kuyanika pa thandala, sitima n'kubwera kudzatengera kumayiko otentha. Lero anthu a m'mizinda ikuluikulu, ku Boston ndi ku Toronto, nsomba yamchere sakuifuna. Akufuna ya m'ayezi, yodulidwa kale, yoti mayi akaweruka ku ntchito angoponya m'chiwaya. Ayezi amafuna magetsi. Magetsi amatsata msewu. Nanga msewu ungasambire kubwera kuno? Ndiye kumene kwaima fakitale n'kumene kumapita dokotala ndi mphunzitsi, ndipo kumene kwapita mphunzitsi, mayi amanyamula mwana n'kulondola. Mdzukulu wanga wa ku Toronto akuti si kuno kokha. Alimi a tirigu kumadzulo uko, anthu a m'migodi, a m'nkhalango, onse akutseka zitseko kukhamukira kumizinda. Musadane ndi munthu, ana inu. Lirani ngati mukufuna, koma lirani mukukoka chingwe."

Nkhalambayo inatembenukira kwa a Hedley, koma inakweza mawu kuti aliyense amve.

"Tsono mverani za mawa. Nyumba si boti. Boti limapulumuka likakana madzi, koma nyumba pa nyanja imapulumuka ikawalola. Mukaisiya iyandame pamwamba ngati dengu, mphepo imagwira khoma ngati thanga la ngalawa, n'kuigubuduza. Boolani pansi m'chipinda chilichonse. Madzi alowe, ailemeretse, ikhale phee ngati nkhuku pa mazira, migolo ingoigwira kuti isamire. Zitseko zam'kati zonse zikhale zotsegula. Ndikunenetsa, chilichonse. Chipinda chimodzi chikatsala chouma, ngodya imeneyo imadzuka, inzake n'kumira. Ndili mnyamata ndinaona nyumba ya munthu wina ikugubuduka pa maso pathu chifukwa anamvera chisoni kabati ya mkazi wake, nautsekera m'chipinda chouma. Kabatiyo ili pansi pa nyanja, pamodzi ndi denga lake. Mulungu anangotichitira chifundo kuti simunali munthu m'katimo."

A Hedley anatenga chiboolero chachikulu n'kulowa m'nyumba. Anaboola kukhitchini. Anaboola pabalaza. Atafika pa chitseko cha kachipinda ka kuseri, anaima.

3. Chipinda cha a Lavinia

M'kachipinda kameneko ndi m'mene a Lavinia anadwalira. Chilimwe chawo chomaliza anapempha penti yotsala kwa eni maboti onse a pachilumba. Wina anapereka yofiira, wina yobiriwira, wina yachikasu yongotsalira pansi pa chitini. Iwo anapenta matabwa a pansi ali chogwada, pang'onopang'ono chifukwa mpweya unkawathera: maluwa ndi masamba kuchokera pachitseko mpaka pazenera. Pafupi ndi zeneralo panali chidindo cha dzanja lawo, pamene anatsamira podzuka penti isanaume.

Chichokereni maliro, a Hedley anali asanapondemo.

Melvina anawapeza ali chiimire, chiboolero chili lende m'dzanja.

"Ababa, ndipatseni. Muno ndiboola ine."

"Ungathe, mwanangu?"

"Ndingathe. Pitani, akukufunani ku migolo."

Bamboyo anamupatsa chida chija. Anamugwira paphewa kanthawi, n'kutuluka.

Melvina analowa, natseka chitseko. Anagwada pakati pa chipinda, naika nsonga ya chiboolero pa duwa lofiira. Anazunguza pang'ono. Kachidutswa ka penti kanapotoka n'kugwera pa bondo lake. Anakatola, nakayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakankhira chiboolero kukhoma.

Anatulukira pazenera n'kutsikira kukanyumba ka bambo ake ka padoko. Kumeneko anatenga phula, zingwe zakale zophwasula ndi mpeni wobuntha. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa kumata boti asanadziwe kulemba dzina lake. Melvina anali atathandiza bambo ake ntchito imeneyi chaka ndi chaka, ndipo dzanja lake linali labwino. Atalowanso m'chipinda muja, anatseka mpata wa pansi pa chitseko. Anatseka m'mbali mwake. Anatsata ming'alu yonse ya m'munsi mwa makoma, kukhomerera zingwe ndi kupaka phula, mpaka chipindacho chinakhala ngati boti latsopano.

Ali m'kati momwemo anamva amuna akugubuduzira migolo ina m'khitchini, n'kuimangirira kukhoma lomwe linali ndi chitseko chija. Palibe anaona kuti chitsekocho n'chotseka. Melvina anatulukanso pazenera, nalitseka bwinobwino.

Madzulo amenewo iye ndi bambo ake anakadya kwa azakhali Drusilla, akazi a amalume Eleazer, popeza chitofu chawo chinali chitachotsedwa. Panali nsomba yamchere, mbatatesi ndi buledi wopaka manyuchi. Azakhaliwo anaona manja a mtsikanayo ali bii.

"Taonani manja a namwali! Ku Port Amery adzati tawabweretsera makanika. Bwera kuno."

Anamukhazika pafupi ndi zenera, natenga mafuta a nkhumba, nayamba kumupukuta chala chimodzichimodzi. Ankaganiza kuti phulalo walitenga pothandiza kumata maboti. Akupukuta choncho analankhula motsitsa mawu.

"Ndakuona lero ukuyang'ana kumanda. Mvera, mwanawe. Ine ndikusiya ana awiri pamtunda paja, ndipo sindikudziwa amene adzazula udzu pa iwo. Ndinalimbana ndi Mulungu chaka chathunthu pa nkhani imeneyi. Ndinkati, Ambuye, tonse tikachoka, adzawakumbukira ndani? Koma tsiku la kuuka kwa akufa Mulungu sadzafunsa njira ya ku Gannet Tickle. Akuidziwa. Mayi ako sali m'dothi lija, sali m'nyumba ija, sali m'chinthu chilichonse chimene dzanja lako lingagwire. Chisoni chili ngati mwana wakhanda, umachinyamula. Koma usachilole chigwire chiwongolero cha boti, chifukwa sichiona kutsogolo. Amoyo ndi amene amazizidwa, mwanawe. Akufa sazizidwa."

Melvina anawerama. Anatsegula pakamwa ngati anena kanthu, koma a Hedley anayamba pemphero la chakudya, ndipo anatsekanso.

4. Madzi adzaza

Lachisanu kunacha bwino, nyanja ili bata. Tonse tinali pa zingwe, amuna, akazi ndi ana omwe. Mitengo ya pansi inapakidwa mafuta a nsomba. Amalume Eleazer anakwera pamwala, nayambitsa nyimbo yokokera, ndipo pa mawu otsiriza a mzere uliwonse tinkakoka pamodzi.

"Kokani, anthu inu! Baxter, chingwecho si mkono wa mkazi wako, usachisisite!"

"Ndikusunga mphamvu, amalume. Ku fakitale akuti amafuna anthu osatopa."

"Akafuna olongolola, udzakhala kapitawo."

Nyumba inalira, inagwedezeka, kenaka inayamba kutsetsereka. Inadutsa munda wa mbatatesi, inadutsa thandala la nsomba, n'kulowa m'madzi pang'onopang'ono. Pamene inachoka panatsala bwalo lakuda la dothi, ndi kabokosi ka maluwa kamene munthu anaiwala. Azakhali Drusilla anakatola n'kukaika m'boti la a Hedley.

Madzi anayamba kulowa m'mabowo, nyumba n'kumatsika. Koma sinatsike mofanana. Mbali ya kukhitchini inalowa mpaka m'munsi mwa mawindo, pamene ngodya ya kuseri inatsala m'mwamba pang'ono.

"Yaledzera isananyamuke!" anafuula a Baxter. "A Hedley, munabisa chiyani pansi pa bedi?"

Amalume Eleazer sanaseke. Anauza mwini boti limene anakweramo kuti azungulire nyumbayo. Atafika pafupi ndi boti la a Hedley, anafunsa.

"Hedley, waboola ponse?"

"Kukhitchini ndi pabalaza ndaboola ndekha. Kachipinda ka kuseri waboola Melvina."

Nkhalambayo inayang'ana mtsikanayo. "Waboola, mwanawe?"

"Ndaboola, amalume."

"Mabowo akuluakulu? Chitseko wasiya chotsegula?"

Melvina anayang'ana madzi. "Inde."

Amalume Eleazer anakanda ndevu. Anayang'ana ngodya ija, nayang'ana kumwamba, kumene timitambo tating'ono tinali titayamba kuoneka kum'mawa.

"Mwana wa Lavinia sanama. Mwina ndi njerwa zotsala zimene zalemeretsa kukhitchini. Ikhazikika m'njira. Tiyeni, madzi sadikira."

Maboti anamangirira zingwe, boti la a Baxter lili pafupi kwambiri ndi nyumba, enawo kutsogolo. Mainjini analira. Tinatuluka pa doko pang'onopang'ono, nyumba ikutitsatira, makatani a m'chipinda cham'mwamba akuoneka pazenera. Ambiri sanacheuke. A Hedley anavula chipewa podutsa pansi pa mtunda wa manda, nachivalanso titapitirira.

5. Pakati pa nyanja

Malinga ngati chilumba chinkatitchinga, zonse zinali bwino. Titangotuluka poyera, kamphepo ka kum'mawa kanatipeza. Sikanali koopsa. Tsiku lina lililonse msodzi sakanakaganizira n'komwe. Koma kanagwira khoma la kuseri, lomwe linali litadzuka, ndipo nyumba inayamba kupendekeka.

Funde lililonse linkanyamula ngodya youma ija ngati chitsekerero cha botolo, n'kukankhira mbali ya kukhitchini pansi. Migolo ya mbali imeneyo inamira yonse. Zingwe zake zinalira. Kenaka chimodzi chinaduka, mgolo n'kuvuuka ngati nyama, wina n'kutsatira, winanso.

"Ikupita! Ikugubuduka!"

Nyumba inagona chammbali, ndipo chingwe chokokera chinakoka boti la a Baxter chakumbuyo mpaka madzi anayamba kulowa. M'botimo munali akazi awo ndi mwana wawo wa m'manja. Mayiyo anakuwa. A Baxter anatenga mpeni kuti adule chingwe.

"Usadule!" anafuula amalume Eleazer. "Ukadula yatha! Tembenuzirani maboti kumphepo! Hedley, ngodya iyo ili ndi mpweya. Ipatse madzi!"

A Hedley anapatsa Melvina chiwongolero, natenga nkhwangwa. Boti litayandikira, analumphira pa khoma la kuseri, lomwe tsopano linali ngati denga. Anakwawa mpaka pazenera la kachipinda kaja, naliswa, n'kulowa.

Kwa kanthawi sitinamve kanthu. Ndiye kuti anali ataona. Pansi panali pouma, maluwa onse ali bwinobwino, chitseko chili chomatidwa ndi phula mwaluso limene iwo eni anaphunzitsa.

Kenaka nkhwangwa inayamba kulira. Inkamveka pa madzi ponse, kuposa mainjini. Melvina anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Chimene chiboolero chikanachita ndi timabowo tozungulira, toti n'kutsekanso ndi zitsekerero, nkhwangwa inachita ndi ukali. Tinaona zidutswa za matabwa zofiira ndi zachikasu zikutuluka pansi pa nyumba n'kumayandama.

Madzi analowa. Ngodya ija inatsika, nyumba n'kudzuka pang'onopang'ono mpaka inaima. Koma migolo yambiri inali itapita, ndipo tsopano inamira mpaka mawindo a pansi onse anabisika. Sikanatha kufika ku Port Amery.

A Hedley anaswa chitseko chija ndi nkhwangwa n'kukatulukira pazenera lam'mwamba, atanyowa thupi lonse, mkono ukuchucha magazi pamene galasi linawacheka. Atatsikira m'boti anayang'ana mwana wawo kamodzi. Anangotenga chiwongolero.

Amalume Eleazer analoza gombe lapafupi, pamene kale panali mudzi wa anthu a kwa Hollett, amene anasamuka ife tisanayambe. Tinaikokera kumeneko. Madzi anali atayamba kuphwa, ndipo nyumbayo inakhala pa mchenga patali pang'ono ndi gombe, miyala ili mbali zonse.

6. Pa gombe la kwa Hollett

Amayi anakoleza moto ndi matabwa a mpanda wakugwa, natereka ketulo. Azakhali Drusilla anang'amba epuloni yawo n'kumanga mkono wa a Hedley. Wina anafunditsa Melvina jekete, poganiza kuti akunjenjemera ndi kuzizira.

Amalume Eleazer anayenda m'mbali mwa madzi, kuyang'ana nyumba ndi kumwamba. Atabwerera anaima pakati pa amuna.

"Mitanda ya pansi sinathyoke. Migolo yambiri mphepo yaikankhira ku gombe lino. Tikaitolera tsopano, n'kuimanga madzi asanabwerere, madzulo ano idzuka. Tikaikokera kuseri kwa phiri ilo, igone pabata, mawa m'mamawa tilowa nayo mu Port Amery mphepo isanakule. Koma pafunika maboti onse ndi manja onse. Tikaisiya pano, mafunde a mawa aiphwanyira pa miyala iyi."

A Baxter anataya tiyi pansi. Nkhope yawo inali isanabwerere m'malo.

"Timverenso inu? Amalume, ndakulemekezani moyo wanga wonse, koma lero mukanandiphera mkazi ndi mwana. Tonse tinaona pa doko kuti nyumbayo yapendekeka. Ine ndinanena, inu munati ikhazikika m'njira. Yakhazikika?"

"Baxter, tsitsa mawu," anatero azakhali Drusilla.

"Ayi, azakhali, zinenedwe. Maso atha, manja atha, mfundo za zingwe sathanso kuziyesa okha. Ukalamba si tchimo, koma munthu azidziwa nthawi yokhala pansi. Ine boti langa silimangidwanso ku chinthu chimene amalume akulamula. Yanga nyumba ndidzaiphwasula thabwa limodzilimodzi."

Amuna ena anang'ung'udza movomereza. Wina anati mphepo ikubwera, ndi bwino kufika kutsidya kukadali kowala.

A Hedley analankhula ali chikhalire, maso ali pa moto. "Si mlandu wa amalume."

"Nanga ndi wa yani? Mwalowamo ndinu. Mwaona chiyani?"

A Hedley anangokonza nsalu ya pamkono.

Amalume Eleazer anali ataona zidutswa za penti zija pa madzi monga tonsefe, ndipo anali munthu wodziwa kuwerenga madzi. Anayang'ana a Hedley, nayang'ana mtsikana amene anakhala pamwala atafunda jekete. Kenaka anavula chipewa.

"Baxter wanena zoona. Ine ndi amene ndinati tinyamuke. Ndikanalowa ndekha kukaona. Mwina ndakalambadi. Musakangane chifukwa cha ine. Koma nyumbayi, anthu inu, si yanga. Ndi ya mwana wamasiye."

"Pepani, a Hedley," anatero a Baxter. "Mukagona kwathu mpaka mupeze pokhala. Koma moyo ndi umodzi."

Ananyamula mwana kwa akazi awo n'kuyamba kutsikira kuboti. Amuna ena anatola makapu awo n'kuwatsatira. Nkhalamba ija inakhala pansi pa mchenga, chipewa chili pa maondo, azakhali Drusilla n'kuima pambuyo pake atagwira phewa lake. Kum'mawa kunali kutayamba kuda.

Melvina anaimirira. Jekete linagwa.

"Khala pansi, mwanangu," anatero a Hedley motsitsa mawu. "Zatha."

"Sizinathe, ababa."

Anathamanga kudutsa amuna aja mpaka analowa m'madzi ofika m'maondo, naima kutsogolo kwa boti la a Baxter. Iwo anali ataponda kale mwendo umodzi m'kati, dzanja lili pa injini.

"Choka, chemwali. Ndikugunda."

"Imani, a Baxter. Amalume sanalakwe. Zingwe zawo zinali bwino, maso awo anaona bwino. Ndine. Chipinda cha amayi sindinaboole. Ndinachimata ndi phula, chitseko ndi makoma omwe, kuti madzi asawononge maluwa awo. Amalume anandifunsa pa doko, ndinawanamiza. Anandifunsanso, ndinawanamizanso. Ababa akudziwa, aona ndi maso, akungondibisa. Amalume nawo adziwa, n'chifukwa chake avula chipewa."

Amuna aja anaima pamene anali, ena zingwe zili m'manja. A Baxter sanachotse dzanja pa injini, komanso sanaipukuse. Madzi anali atasiya kuphwa.

Melvina anatembenukira kumtunda, kumene kunakhala nkhalamba ija ndi bambo ake. Anagwada m'madzi ozizirawo, nakweza mawu kuti aliyense amve.

"Amalume Eleazer, ndakunamizani ndipo mwanyozedwa chifukwa cha ine. Ndikhululukireni. Ababa, ndakugwiritsani nkhwangwa pa ntchito ya manja a amayi. Ndikhululukireni. A Baxter, ndaika mwana wanu pa chiswe. Mundikalipire mmene mungafunire, musadzandilankhulenso ngati simufuna, koma musawasiye ababa opanda denga chifukwa cha ine. Chonde, nonsenu, ndikhululukireni."